Chakudya cha Lero Chikwanira Lero

Kuwerenga: Eksodo 16:13-21



Usiku wina, ndikadali pa ntchito ya unamwino, ndinapeza mtsikana wa mwana woyamba akulira chamumtima. Linali tsiku lachiwiri chichirireni. Apongozi ake anali atasungunula shuga m'kapu ya madzi, sipuni ili m'manja. Atandiona anati, "Anamwino, mpongozi wangayu mabere ake ndi ouma. Kodi mdzukulu wanga afe ndi njala ife tikuona?" Ndinawapempha kuti ayambe akhala pansi. Titafinya bere, panatuluka timadontho tachikasu, tonata. Agogowo anapukusa mutu nati, "Umenewu ndi mkaka? Izi ndi zoipa, n'zofunika kutaya."

Mayi ameneyu sanali woipa mtima. Anachita mantha chifukwa chimene Mulungu anapereka chinaoneka chochepa ndi chachilendo.

Ndi mmenenso zinalili ndi ana a Israele m'chipululu. Ataona mana m'mawa woyamba, sanadziwe kuti n'chiyani. Mulungu anawalamula kutola muyeso wa tsiku limodzi pa munthu aliyense. Ena sanakhulupirire kuti mawa adzapatsidwanso. Anasunga, ndipo zosungazo zinagwa mphutsi. Amene anamvera anadya tsiku ndi tsiku kwa zaka 40.

Amayi, mkaka woyamba uja ndi mana a khanda. Thupi la mayi limayamba kuukonza mimba ili pakati, mwana asanabadwe. Pa tsiku loyamba khanda limalandira pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi pa kuyamwa kulikonse, ndipo kamimba kake sikafuna zoposa pamenepo. M'timadontho timeneti muli chitetezo cha mayi chimene chimamata m'matumbo a mwana ndi kumutchinjiriza ku matenda otsekula m'mimba ndi chibayo. Mkaka womwewo umathandiza kutulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija. Tikautaya, tataya katemera amene Mlengi anakonza yekha. Tikapatsa mwana madzi a shuga, phala lamadzi kapena mankhwala azitsamba, tatsekulira majeremusi khomo, ndiponso mwana wokhuta madzi sayamwa mwamphamvu.

Nanga mkaka wambiri umabwera liti? Nsengwa ikatuluka, thupi limalandira chizindikiro chakuti mwana wafika, ndipo pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi mabere amadzaza, kulemera ndi kutentha pang'ono. Kwa ena umachedwerapo: mayi wa mwana woyamba, wochira kudzera mu opaleshoni, wa matenda a shuga, wotaya magazi ambiri, kapena amene kachidutswa ka nsengwa katsalira m'chiberekero. Kuchedwa kotere si temberero, si ufiti, ndipo si umboni wakuti mayiyo anayenda molakwika. Tileke kuweruza ana athu pa nthawi imene akufuna chitonthozo.

Mana ankafuna kuti munthu adzuke akatole. Bere nalonso limafuna kuyamwidwa. Mwana aikidwe pachifuwa cha mayi ake, khungu ndi khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Aziyamwa usana ndi usiku, ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24. Atsekule kukamwa kwambiri, alowetse nsonga pamodzi ndi mbali yakuda ya bere, chibwano chikhudze bere. Akamayamwa kawirikawiri, mkaka umapangidwa wochuluka. Mabere akalimba kwambiri, mayi afinye pang'ono ndi dzanja kuti mwana athe kugwira, koma asaleke kuyamwitsa.

Mudziwa bwanji kuti mwana akukhuta? Werengani matewera. Tsiku loyamba thewera limodzi lonyowa, lachiwiri awiri, ndipo pofika tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi akhale 6 kapena kuposa. Chimbudzi chisinthe kuchoka pa chakuda kufika pa chachikasu. Kutsika pang'ono kwa sikelo m'masiku oyamba n'kwachibadwa, ndipo mwana amabwerera pa sikelo yobadwa nayo pofika masabata awiri.

Koma chikhulupiriro si kukhala manja lende. Mwana akakana bere, akamangogona osadzutsika, akatentha kapena kuzizira thupi, akasanduka wachikasu m'maso ndi pakhungu, kapena akaleka kukodza, thamangani naye kuchipatala ngakhale muli m'chikuta. Chimodzimodzi mayi akatentha thupi, bere likafiira ndi kupweteka, kapena tsiku lachinayi likadutsa mkaka osachuluka. Pempherani muli pa njira. Ndipo mayi amene ali ndi HIV asaope kuyamwitsa. Mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilomboka. Amwe mankhwala mokhulupirika, apatse mwana bere lokha kwa miyezi 6, ndi kutsata malangizo a kuchipatala.

Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union mu 1876 kuti amayi azithandizana kulera ana m'chikhulupiriro. Ntchito imeneyo imayambira pa mphasa ya mayi wochira kumene. Tikapita kukaona mwana, tisapite ndi mawu ofooketsa. Titunge madzi, tichape matewera, tiphike phala ndi ndiwo zabwino, timupatse chakumwa, tilankhule ndi bambo wa mwana ndi apongozi, kuti mayi apeze mpata wogona ndi woyamwitsa.

Agogo aja anataya madzi a shuga aja monyinyirika, koma anachezera usiku wonse akuthandiza mpongozi wawo kuika mwana kubere. M'mawa wa tsiku lachinayi anandikodola akumwetulira, nandionetsa nsalu ya mtsikanayo itanyowa ndi mkaka.

Tipemphere. Atate wachifundo, Inu amene munadyetsa anthu anu m'chipululu, ndipo munalola Mwana wanu Yesu kuyamwa bere la Maria, limbitsani mtima amayi onse ochira sabata ino. Tiphunzitseni kusanyoza zochepa zimene mwatipatsa lero, ndi kukhulupirira kuti mawa mudzapatsanso. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.