Kwa adzukulu anga okonda njinga za BMX

Adzukulu anga a ku Kabwata ndi ku Chelstone, ndamva kuti mukufuna kudzadyera njinga, kukhala akatswiri a mpikisano wa BMX. Sindikuletsani ayi, koma tcherani khutu, pakuti safunsa anadya phula.

Yambani mwadziwa chimene mukuchifunacho. Kuimika tayala lakutsogolo m'mwamba pakati pa maminibasi mu Burma Road si BMX, kumeneko n'kuputa maliro. Mpikisano weniweni uli ndi bwalo lake. Pa mipikisano ikuluikulu okwera 8 amandanda pamwamba pa chitunda chotalika mamita 8, tayala lakutsogolo litatsamira geti, mapazi onse ali pamapedulo. Geti ikangogwa amatsetsereka onse pamodzi, kudumpha zitunda, kupanikizana m'makona, ndipo mphindi imodzi isanakwane zonse zatha. Masekondi ochepawo munthu amawagula ndi thukuta la zaka zambiri.

Masewerawa anayambira ku California, ndipo analowa mu Olimpiki ku Beijing mu 2008. Pakati pa anyamata 8 amene anafika mu ndime yomaliza chaka chimenecho panali mwana wa kuno ku Africa, Sifiso Nhlapo wa ku South Africa. Anagwa mu mpikisano womalizawo, mendulo n'kumupulumuka. Mu 2009 anathyoka khosi pokonzekera. Ambiri akanaitaya njinga pomwepo, koma iye anapirira, namvera madokotala mpaka kuchira. Mu 2010, pa mpikisano wa dziko lonse ku Pietermaritzburg, anakhala wachiwiri, wopambana ali Māris Štrombergs wa ku Latvia. Si onse amene amadzuka chotero. Sam Willoughby wa ku Australia anatenga siliva ku London mu 2012, koma mu 2016 anagwa pokonzekera, navulala msana, ndipo sanapikisanenso.

Ndiye mpamba wanu pa ntchito imeneyi ndi thupi lanulo. Njinga ikathyoka mugula ina, khosi lilibe pogula. Musakwere opanda chisoti chophimba mutu ndi chibwano, magolovesi ndi zotchinga mawondo, ngakhale anzanu akusekeni. Kachasu ndi chamba zitalikireni. Musanadumphe chitunda chachikulu, zolowerani chaching'ono kufikira mutachidziwa bwino. Kuthamanga sikufika.

Njinga yanu muziidziwa ndi manja anu. Muzitha kukunga masipoko, kumanga tcheni, kuona ngati buleki ikugwira, kumva ndi khutu pamene bawuti yakhwepa. Muone anzanu a ku Woodlands kapena ku Kabulonga ali ndi njinga zodula, mtima usakupwetekeni. Miyendo yolimba ndi mwambo sizigulidwa m'sitolo.

Musayende nokha. Funani kalabu ndi mphunzitsi, mufunse ku Cycling Association of Zambia za mipikisano yovomerezeka. Inunso atsikana musadzione otsalira: Mariana Pajón wa ku Colombia anatenga golide kawiri, mu 2012 ndi mu 2016.

Sukulu musaisiye. Ntchito ya liwiro imatha munthu akadali wamng'ono, ndipo ndi ochepa amene amadyeramo ndalama zokwanira. Mudzafunika kuwerenga nokha pangano la kampani yokuthandizani musanasaine, komanso kukhala ndi pogwira miyendo ikadzalema.

Keith Mwila, Samuel Matete ndi Muzala Samukonga anaibweretsera Zambia mamendulo a Olimpiki, wina pa nkhonya, awiri pa liwiro. Mendulo ya njinga sinabwerebe. Ngati mukuifuna, chokani pamsewu, valani chisoti, muyambe kukonzekera mwa mwambo.