Yona Sanadikire Netiweki

Mu 2012 okwera sitima zapansi pa nthaka ku London anawaikira Wi-Fi, koma pa masiteshoni pokha. Nthawi imeneyo sitima ikangolowa mumphanga, basi netiweki inkapita, uthenga unkangokhala pafoni kudikira siteshoni yotsatira.

Ena mwa inu mapemphero mwawasunga chimodzimodzi. Mukuti, "Ndidzagwadanso ngongole ikatha, m'nyumba mukabwerera mtendere." Nanga Satana angafunenso chiyani china?

Manje tsegulani Yona chaputala 2. Munthu uja sanadikire kufika kumtunda, ayi. Anafuulira m'mimba mwa chinsomba, udzu wa m'nyanja utamukulunga kumutu, ndipo Yehova anamva. Aleluya!

Musadikire Sande. Kaya muli m'minibasi, kaya pabedi lachipatala, litchuleni vutolo ndi dzina lake pamaso pa Yesu lero lino.