Kodi Tirikunka Kuti?

Palibe mlimi wa fodya kuno kwa Chisemphere amene afesa nazale osadziwa cimene alikufuna. Pofesa mbeu zija zazing'ono ngati pfumbi m'mwezi wa Seputembala, maso ace ali kale pa mabelo amene adzapita nao ku msika wa ku Chinkhoma pakutha mvula. Cifukwa ca ici athirira m'mawa ndi madzulo, naokera pa mvula yoyamba, nasoka masamba m'cigafa kufikira usiku. Ndipo pali nchito yina imene mlendo azizwa nayo: fodya akayamba kuturutsa maluwa, mwini wace athyola nsonga, nacotsanso mphukira zonse za m'mbali. Maluwawo ngokongola ndithu, koma mlimi afuna tsamba lolemera. Ndipo popeza adziwa cimene afuna, adziwanso cimene ayenera kutaya.

Tsono, abale, tifunsane: ife amene tidziwa bwino cotere matsiriziro a fodya, tidziwa kodi matsiriziro a moyo wathu? Tonse tamuona munthu amene anapirira miyezi isanu ndi itatu, iye ndi mkazi wace ndi ana, koma tsiku lolandira ndalama nzeru zonse zimthawa. Akwera galimoto pa mseu waukuru kunka ku boma la Kasungu, nabwera patapita masabata awiri ali ndi wailesi ndi ngongole. M'mwezi wa Febuluwale mkazi yemweyo alikupalira m'munda wa eni kuti alandire mbale ya ufa. Sitinena kuti munthuyu ndi waulesi, iai. Manja ace tawaona. Cimene asowa ndico cifukwa ca moyo wace. Sanadzifunse konse kuti, Mulungu anandiikiranji pano? Motero cilakolako ciri conse cimene ciphuka m'mtima mwace acileka cikule, pakuti alibe muyeso wozindikira nao mphukira.

Wina adzati, Aphunzitsi, mau otere ayenera anthu okhuta; mtengo wa fodya auika ndi ogula, ndipo tenanti adya cimene ampatsa mwini munda, nanga iye asankha ciani? Mau awa sitiwapeputsa. Amene anaona njala ya 2002 m'dziko lino la Kasungu, pamene anthu anadya gaga ndi mizu ya nthoci, sangaseke munthu wodera nkhawa za mimba. Koma taonani kuti zinthu zimene tiziyesa colinga ca moyo ziri m'manja a ena. Makolo athu ambiri anaika mtima wao wonse pa ulendo wa ku Joni, ndipo ena anasanduka macona, osabweranso. M'caka ca 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha anthu a kwathu oposa 70, ndipo boma linatseka njirayo. Lero tikhulupira fodya; koma maiko ambiri alikuletsa kusuta, ndipo m'caka ca 2023 dziko la Malawi lomwe linalowa m'pangano la maiko lakucepetsa fodya. Munthu amene moyo wace wonse wamangidwa pa cinthu cotere, tsiku limene citsekedwa adzaima pati? Wosauka ndiye asowa koposa colinga cimene wogula sangacitsitse mtengo, cifukwa alibe pena pothawira.

Colinga cimeneco sitiri kucipanga tokha. Buku Lopatulika litiphunzitsa kuti tinalengedwa kuti timdziwe Mulungu ndi kumtumikira, ndi kukonda anansi athu. Ndipo mwini cuma uja wa pa Luka 12 sanatsutsidwe cifukwa ca kukolola zambiri, koma cifukwa nkhokwe zace ndizo zinali malekezero a maganizo ace. Munthu wodziwa ici alimabe fodya, kapena soya ndi mtedza, nakangana nao ogula za mtengo monga anzace. Kusiyana kwace kuoneka tsiku la ndalama: iye anapangana kale ndi mkazi wace za cimanga, za sukulu ya ana, za copereka, ndi za mai wokalamba wa kuseri kwa nyumba.

Ndipo njira iyi munthu saiyenda yekha. Akuru anati safunsa anadya phula. Ambiri a ife tifunsa mlangizi za feteleza ndi za matenda a m'nazale, osacita manyazi. Koma za mtima wathu tibisa, ngakhale kwa mkuru wa mpingo amene tikhala naye mudzi umodzi. Pena colakwa ciri ndi akuru omwe, pakuti ena aoneka pakhomo pa munthu pokhapo pali mlandu wa kumuimitsa pa Mgonero. Tikadakonda kuwaona akuyendera nkhosa zao m'mwezi wa Malici, fodya ali m'cigafa, msika usanatsegulidwe, ndi kukhala pansi pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi wace.