Chidole cha Chitsononkho



Tsiku lina ndikutonola chimanga, ndinagwira chitsononkho ndipo ndinakumbuka ubwana wanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chitsononkho ndiye anali mwana wanga. Ndinkachibereka ndi kansanza, n'kumachiphikira nsima yadothi kumasanje. Alongo athu ankaumba ng'ombe kudambo ndi kupinda magalimoto a waya. Madzulo tinkasewera fulaye ndi phada mpaka amayi atatiitana. Palibe tambala imene inatuluka, koma tinaphunzira kulera, kugawana ndi kukhululukirana tikayambana.

Pa ntchito yanga ya unamwino ndinaona chinthu chimodzi: mwana wodwala malungo sasewera. Akangoyamba kuseweretsa sipuni pabedi, tinkadziwa kuti wayamba kupeza bwino. Mneneri Zekariya nayenso, pa mutu 8 ndime 5, akuonetsa Yerusalemu wochiritsidwa ndi Mulungu ngati mzinda umene misewu yake yadzaza anyamata ndi atsikana akusewera.

Nanga lero pakhomo pathu pali bwanji? Mdzukulu wina wakhala duu ndi foni, chifukwa tamupatsa kuti asativute. Wina, makamaka wamasiye, ali ndi mwana weniweni kumsana tsiku lonse, alibe mpata woberekera chidole. Amayi, kumeneko si kulera ayi.

Sabata ino, khalani pamphasa ndi adzukulu anu. Umbani nawo kamphika, asokereni kachidole. Mwana wotumidwatumidwa uja mumpumuze, apite akasewere ndi anzake.

Ambuye adalitse mabanja athu. Amen.