Mizere iwiri pa kachitsulo ka oilo

Kachitsulo koyezera oilo ka Volkswagen Beetle kali ndi mizere iwiri. Wam'munsi aliyense amauopa popanda womuphunzitsa. Oilo akatsika kupitirira pamenepo, pampu imakoka mpweya, zitsulo zimakhulana zouma, injini n'kunoka munthu asanafike kumene amapita. Mzere wam'mwamba ndiye ambiri amauyesa chokongoletsa chabe, koma ine ndi umene umandisowetsa tulo, monga mwini galimoto yakale komanso mkulu wa mpingo amene amamva mapemphero a anthu sabata ndi sabata. Kodi chinthu chabwino chili ndi polekezera?

Beetle yanga ndi ya 1972, ya injini ya 1600, mwa zija ankapanga ku Uitenhage ku South Africa pakati pa 1951 ndi 1979. Anandisiyira malume anga. Injini ili kumbuyo ndipo madzi siyiwadziwa. Imazizira ndi mphepo ya fani komanso ndi oilo yemweyo, amene ndi malita 2.5 basi. Fyuluta ya pepala ilibe. Ili ndi kasefa ka waya kunsi, kotsekedwa ndi kambale ka manati 6. Mukamakwera zitunda za Thabwa kuchokera ku Chikwawa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, moyo wa galimoto yonse umakhala pa oilo wochepa ameneyu.

Ndimayeza mamawa injini isanalire, oilo yense atatsikira pansi. Pabwalo panga ndi potsetsereka, choncho ndimayamba ndaikankhira posalazika, chifukwa galimoto ikapendekeka kachitsulo kamanama. Ndimasolola, n'kupukuta ndi kansanza koyera, n'kubwezera mpaka kakhale bwinobwino, kenako ndimasololanso. Oilo akakhala watsopano saoneka msanga. Mpaka kutembenuzira kachitsuloko kudzuwa kuti muone pamene kunyowa kwalekezera. Ngati injini yangozima kumene, pamafunika kudikira mphindi zingapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchoka mzere wina kufika wina ndi pafupifupi lita imodzi, ndiye akachepa ndimathira kakapu kamodzi, n'kudikira, n'kuyezanso.

Pafilingi siteshoni anyamata amakonda kunena kuti, "Madala, m'botolomu mwatsala pang'ono, tingomalizira momwemo." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo mtima wabwino womwewo ndi umene umandiopsa. Oilo akadzaza kupitirira, crankshaft, imene imazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, imayamba kumumenya mpaka achite thovu. Thovu ndi mpweya, silingatchinge chitsulo kuti chisakhudze chinzake, komanso silichotsa kutentha. Injini imakhala yodzaza oilo, mabering'i akuuma. Oilo wina amatulukira kumbali ya puli, kumene injini imeneyi ilibe raba yotseka, n'kunyowetsa fanibeloti. Wina amakakamiza raba ya kumbali ya flywheel mpaka kilachi iyambe kuterereka. Zonsezi zimachitika pang'onopang'ono, mwiniwake akuyenda ndi mtima uli m'malo poganiza kuti galimoto waisamalira kuposa anzake.

Mapemphero athu amadziwa mzere umodzi wokha. Timapempha kuti tisasowe, ndipo n'zoyenera. Sindinamvepo munthu akuimirira m'tchalitchi kupempha kuti Mulungu amuletse kukhala ndi zambiri. Chikhalirecho pemphero lotero lilimo m'Baibulo. Pa Miyambo 30, Aguri akupempha kuti atalikirane ndi umphawi ndi chuma chomwe, ndipo akupereka zifukwa: njala ingamubetse, kukhuta kungamuiwalitse Mulungu. Pa Eksodo 16, mana ankatoledwa ndi muyeso, omeri imodzi pa munthu, ndipo amene anasungako mpaka m'mawa anapeza mphutsi ndi fungo. Mana omwewo, ochokera kumwamba komweko. Mphatsoyo inalibe vuto. Chinaivunditsa ndi kuchuluka m'dzanja limodzi.

Ndikudziwa chimene ena andiyankhe, chifukwa amandiyankha ndithu tikaweruka. Amati Salimo 23 likunena za chikho chosefukira, ndiye ine ndine yani kuti ndiziikira madalitso malire? Ena amafika pozama kuposa apa: m'dziko limene mabanja ambiri amafika Januwale nkhokwe ili mbee, kulalikira za kuopsa kwa zochuluka n'kutukwana anjala. Mawu achiwiriwa amandilasa, ndipo sindiwapeputsa. Ngozi ziwirizi sizithamanga mofanana. Kusowa kumapha lero. Munthu amene ali pansi pa mzere safunika ulaliki, afunika womuthirira, msanga. Koma sindivomera kuti chifukwa cha ichi mzere wam'mwamba ufufutidwe. Chikho chikasefukira, zotayikazo zimagwera kunja, ena n'kumwako. Injini ndi yotseka. Zowonjezera zilibe kolowera, zimangozungulira momwemo mpaka kuchita thovu. Ambiri amene timafuula za kusefukira, mitima yathu ndi yotseka chimodzimodzi.

Chovuta n'chakuti munthu alibe kachitsulo kojambulidwa kale. Mizere ya pa Beetle anaiika ndi amene anapanga injiniyo, ndipo ndi ya injini imeneyo yokha. Land Rover yakale ya petulo imamwa oilo woposa kuwirikiza kawiri, ndipo kachitsulo kake mutakalowetsa mu Beetle kangakusokeretseni. Aristotle, amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anaiona nkhaniyi. Pophunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kuperewera ndi kunyanya, anachenjeza kuti pakatipo si pa masamu. Chakudya chochepera Milo, katswiri wa masewera ogwetsana, n'chochulukira mnyamata amene wangoyamba kumene masewerawo. Ndikugwirizana naye, koma amandisiya panjira. Ngati aliyense ali ndi muyeso wakewake, ndani angandiletse kunena kuti wanga ndi wa Milo? Mtima wa munthu sukhala posalazika. Nthawi zonse umapendekera kwa mwiniwake.

Amene amandifikitsa ndi Paulo. Pa 2 Akorinto 8, posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, akubwerera ku nkhani ya mana ija ndi kuitanthauzira kuti zochuluka za ena zikwaniritse kusowa kwa anzawo, kuti pakhale kulingana. Mmene ndimamvera ine, mzere wanga wam'mwamba sindingauwerenge pa ine ndekha. Umaoneka pa mnzanga. Ndikakhala ndi matumba a chimanga akufumbwa pamene mayi wamasiye woyandikana nane akugonera madeya, ndapitirira kale, ngakhale nditamva kuti sindinakhute. Ndipo kuchotsa n'kowawa kusiyana ndi kuthira. Kuthira umaimirira, malaya ali oyera. Kuchotsa mpaka ugone chagada pafumbi n'kumasula bawuti yakunsi oilo akukuyenderera m'mikono, apo ayi ulowetse kachubu ka dripi pabowo la kachitsulo n'kumakoka ndi sirinji pang'onopang'ono. Anthu ambiri akaona ntchito imeneyi amangoti oiloyo apsa yekha m'njira.

Pali chinthu chinanso chimene eni Beetle amachidziwa. Tsiku lina mumapeza oilo wakwera yekha, inu musanathire. Wosadziwa amakondwera. Pampu ya petulo ya galimotozi imakhala pamwamba pa injini, ndipo karaba kake kam'kati kakang'ambika, petulo amadonthera mu oilo. Muyeso umakwera, koma oiloyo wasukuluka, sangatetezenso kanthu. N'chifukwa chake ndikapukuta kachitsulo ndimanunkhizanso kansanzako, ndi kufikisa dontho pakati pa zala. Ndimalakalaka tikanamachita zomwezi mumpingo wina akabwera ndi umboni wa chuma chimene chakwera usiku umodzi, m'malo mothamangira kumukhazika kutsogolo ndi kumupatsa ukulu. Kufunsa kumene chachokera si nsanje, ndipo kungamupulumutse mwiniwakeyo. Kansanza kakanunkha petulo, injini siyilizidwa tsiku limenelo. Pampu imasinthidwa, oilo yense amakhetsedwa, kasefa kamatsukidwa, ndipo wina watsopano amathiridwa kuyambira pansi.