Ndinagulitsa chiyani pa Potato Path?

Anzanga a m'gulu, sabata ino mundithandize mlandu, woimbidwa ndi ine ndemwe.

Ndimagulitsa kachewere pa Songani, koma kwathu ndi m'chigwa cha Domasi, pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Amayi ankalawira tambala asanalire, dengu pamutu, kukwera phiri n'kutsetsereka cha ku Ku Chawe mpaka mumsika wa Zomba. Njira imeneyi azungu anaitcha Potato Path. Lero alendo amalipira owaperekeza kuti ayendemo mongosangalala, ndodo ziwiri m'manja, pamutu palibe kanthu.

Mwezi watha ndinadzera komweko ndi katundu, ndalama ya kabaza itandithera. Mayi wina wachizungu anapempha mwaulemu kuti andijambule, nandipatsa K2,000. Ndinalandira, ndinamwetuliranso. Koma usiku tulo osabwera. Kachewere ndinali naye yense, ndiye ndinagulitsa chiyani?

Poyamba ndinati ndagulitsa umphawi wanga, ndipo mtima unawawa. Kenako ndinadzifunsa: mayiyu walakwa pati? Sanabe, anapempha. Thukuta lake linali lenileni ngati langa, kungoti iye akatopa akhoza kubwerera, ine ayi. Kodi munthu tingamuzenge mlandu chifukwa ali ndi ufulu wobwerera?

Chimene chikundisautsabe n'china. Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, ndipo dzina la Alexander Hetherwick lili m'mabuku. Mukapita ku Cape Maclear, kumene a Livingstonia anayambira mu 1875, akuonetsani manda a amishonale m'mbali mwa nyanja. Njerwa ikagumuka anthu amailemekeza, amabwera kudzaiona. Nanga amtengatenga amene anasenza katundu wa anthu amenewa, manda awo ali pati? Chipilala chawo ndi njira basi, ndipo njira ilibe dzina la munthu. Iyi anaitcha dzina la mbatata, osati la amayi amene mapazi awo anaikumba.

Ndiye mwina chithunzi chija ndi malo okhawo amene wosenza waonekera. Koma dzina langa sanandifunse, inenso lake sindinafunse. Apa tonse tinaperewera, musandiikire kumbuyo.

K2,000 ija ndinagulira mwana makope. Inu mukanakhala ine, dengu likukupanikizani khosi, mukanakana?