Dzina Lolembedwa Pansi pa Chikalata

Munthu akagula wailesi kapena njinga m'sitolo yolongosoka, amapatsidwa kachikalata kolonjeza kuti chinthucho chikaonongeka isanathe miyezi yakutiyakuti, eni sitolo adzachikonza kapena kumpatsa china. Lonjezo limeneli ambiri timalitcha galanti. Maboma nawonso, pogula ndege zankhondo ndi zitsulo zake, amafuna malonjezo a mtundu womwewu. Chitsulo chikapezeka ndi chilema, amakaniko a asilikali amachimangirira chizindikiro, nachiika pachokha kuti chisasakanikirane ndi zabwino, nalemba lipoti, ndipo kampani imene idachipanga imayenera kuyankhapo. Dongosololi ndi labwino ndithu. Koma funso limene tifuna kusinkhasinkha mwezi uno ndi ili: kodi lonjezo lobweza chitsulo lingamasule munthu ku udindo wonena zoona za chitsulocho?

Tiyambe ndi nkhani imene idachitikadi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kampani ya Wright Aeronautical idali ndi fakitale yaikulu ku Lockland, m'chigawo cha Ohio ku America, kumene inkapanga mainjini a ndege zoponya mabomba. Boma lidaikako anthu ake oyesa ntchito, kuti injini isatuluke pachipata iwo asanaivomereze. Koma m'chaka cha 1943 komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Harry Truman, amene pambuyo pake adalamula dzikolo, idapeza kuti zitsulo zolemala zinkangodutsa, malipoti a mayeso ankalembedwa monama, ndipo oyesa ntchito amene ankaumirira kukana zoipa ankasamutsidwa. Mu 1944 akuluakulu atatu a asilikali adapezeka olakwa m'bwalo la milandu la asilikali chifukwa cholekerera ntchito yao. Nkhaniyi ndi imodzi mwa zimene zidautsa maganizo a Arthur Miller polemba sewero lake la mu 1947, All My Sons, m'mene mwini fakitale atumiza zitsulo zong'aluka, nafa nazo oyendetsa ndege 21.

Sitiyenera kuganiza kuti anthu a ku Lockland adali zigawenga zofuna kupha. Zoipa zotere kawirikawiri zimachitidwa ndi anthu wamba, aliyense atadzipezera kachifukwa kake. Wosula amati, ngati chitsulo chili ndi chilema woyesa adzachiona. Woyesa amati, akulu anga akufuna mainjini lero, ndipo ku bwalo la ndege adzayesanso. Mwini kampani amati, chikavuta adzachibweza, ife tidzawapatsa china. Motero mlandu umagawidwa tizidutswa ting'onoting'ono mpaka palibe amene aumva kulemera. Koma woyendetsa ndege, akakhala m'mitambo, sagawana ngozi ndi wina aliyense. Yonse imagwa pa iye ndi pa anzake ali m'ndegemo.

Apa m'pamene tiona malire a galanti. Mu 1984 aphungu a ku America adakhazikitsa lamulo lakuti zida zikuluzikulu zankhondo zizigulidwa ndi galanti. Mu 1996 ofesi ya boma ya General Accounting Office idaonetsa kuti ndalama zolipirira malonjezowo zinkaposa kutali phindu lake, ndipo mu 1997 lamulolo lidachotsedwa. Komabe ngakhale likadapindulitsa boma, galanti imangoyankha funso la ndalama: adzalipira ndani? Funso la moyo siliyankha. Injini ingabwezedwe, koma mwana wa munthu sabwezedwa. Paja akulu adati madzi akatayika saoleka. Munthu amene atumiza chinthu chimene akudziwa kuti n'cholemala, nadzitonthoza ndi galanti, wasandutsa lonjezo kukhala chophimba bodza, ndipo waika mtengo pa chinthu chimene si chake, ndicho moyo wa mnzake.

Vutoli silidathere ku Lockland. Mu 2012 komiti ina ya aphungu, yotsogozedwa ndi Carl Levin ndi John McCain, idaulula nkhani pafupifupi 1,800 za tizipangizo tamagetsi tokayikitsa, tonse pamodzi toposa 1 miliyoni, timene tidalowa m'katundu wogulitsidwa kwa asilikali. Tina tidali takale, tochotsedwa m'makina otayidwa, totsukidwa ndi kulembedwanso ngati tatsopano, ndipo tina tidafika m'ndege zonyamula katundu za mtundu wa C-130J. Komitiyo idadandaulanso kuti makampani ambiri, ngakhale ataona chokayikitsa, sankadziwitsa boma kapena anzao. Kukhala chete kotere n'kunama, pakuti munthu amene akukhulupirira iwe amayesa kuti kusalankhula kwako kutanthauza kuti zonse zili bwino.

Wina anganene kuti: n'kosavuta kulemba zimenezi uli pampando, koma woyesa ntchito ali ndi ana ofuna kudya, ndipo akakana kusaina achotsedwa, m'malo mwake mulowe wina wosaina. Mau awa ali ndi choona chake, ndipo n'chifukwa chake mlandu waukulu uli pa akuluakulu amene amaopseza wonena zoona, kuiwala kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mantha amachepetsa mlandu wa munthu wamng'ono. Koma sasandutsa bodza kukhala choona. Kusaina ndi kuchita umboni: ndi kuuza munthu amene sudzamuona nkhope kuti, ndayang'ana ndi maso anga, kwera usaope. Chimene wina adzachite ine nditakana, adzayankha yekha. Ine ndidzayankha pa dzina langa.

Ambiri a ife sitidzakhudza injini ya ndege yankhondo, ndipo mwina ena safuna n'komwe kumva za zida zotere. Koma funso lake latizungulira tonse. Makaniko amene amanga mabuleki a basi, mmisiri amene achepetsa simenti pomanga kalasi, wogulitsa mankhwala amene aona kuti tsiku lake lapita, onsewa agwira m'manja moyo wa anthu amene sangathe kudziyesera okha. Malamulo ndi zikalata n'zofunika, ndipo tizilemekeze. Koma zimenezi zimayamba kugwira ntchito ngozi itachitika kale. Chimene chimafika ngozi isanachitike ndi chikumbumtima cha munthu uja ali yekha ndi chitsulo m'manja, cholembera chili patebulo, popanda womuona. Iye akanena zoona, ndege idzachedwa kunyamuka, koma idzatera.